Funsani Aphunzitsi: Za Borges, mkulu wakhungu wa ku Buenos Aires

Mwezi wathawu, poyankha kalata ya mtsikana wina wofuna kudziwa utali woyenera wa nkhani yaifupi, ndinatchula dzina la Jorge Luis Borges mongodutsa. Sindinadziwe kuti ndaputa mavu nkhomola. Akonzi anditumizira envelopu yodzaza makalata, ena ofunsa mwaulemu, ena ondinena kuti ndimakonda kudzionetsera ndi mayina opinda lilime. Za katchulidwe tithane nazo pompano: nenani kuti "Horhe Luwisi Borhesi", mukatero simunapite patali. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ataliatali ndawadula.

Aphunzitsi, munthu munamutchulayo ndi ndani? Ndafunsa aphunzitsi athu a Chingerezi, akuti sanamumvepo. Kodi ndi wa ku Mangalande? (Mnyamata wa Fomu 3, Dedza)

Mwana wanga, aphunzitsi akowo usawapeputse. Inenso ndinagwira choko zaka khumi ndisanalimve dzinali, kufikira tsiku lina ku Limbe pomwe ndinatola buku long'ambika chikuto pamulu wa mabuku akale amene mnyamata wina ankagulitsa pakhonde la sitolo. Ndinaligula chifukwa chotchipa basi. Linali *Labyrinths*, nkhani za Borges zomasuliridwa m'Chingerezi. Usiku umenewo palafini anatha m'nyali ine ndikadali pa nkhani yachiwiri, chifukwa tsamba lililonse ndinkalibwereza katatu.

Kwawo kwa Borges kunali ku Argentina, kwa Maradona ndi Messi, ndipo ankalemba m'Chisipanishi. Anabadwira mumzinda wa Buenos Aires pa 24 Ogasiti 1899. Komabe sunaphonye kwenikweni, poti agogo ake aakazi obala bambo ake, a Fanny Haslam, anali Mngerezi. M'nyumbamo mwana ankati akatembenukira uku Chingerezi, akatembenukira uko Chisipanishi. Bambo ake anali loya wokonda mabuku kuposa milandu, ndipo anali ndi chipinda chodzaza mabuku a Chingerezi. Borges atakalamba ankanena kuti chachikulu kuposa zonse chimene chinamuchitikira pamoyo wake ndi chipinda chimenecho. Kumtundu kwawo kunali asilikali ambiri. Agogo ake aamuna, a Francisco Borges, anali mkulu wa asilikali ndipo anafera kunkhondo mu 1874. Kamnyamata kamagalasi, kamanyazi, kachibwibwi, kanakula kakudziona kochepa pamaso pa anthu oterewa, n'chifukwa chake m'nkhani zake muli mipeni ndi amuna osaopa imfa pamene mwini wake anali munthu wa pampando ndi buku.

Ali ndi zaka pafupifupi khumi anamasulira m'Chisipanishi kankhani ka Oscar Wilde, nyuzipepala ina n'kukasindikiza. Anthu anathamangira kuyamikira bambo ake, poganiza kuti ndi iwo, chifukwa dzina linali limodzi. Mu 1914 banja lonse linapita ku Ulaya kukafuna thandizo la maso a bambowo, amene anali atayamba kuchita khungu, matenda a kumtundu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawatsekereza ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Kumeneko anaphunzira Chifalansa kusukulu, Chijeremani n'kudziphunzitsa yekha ndi dikishonale. Anadzera ku Spain, nafika kwawo mu 1921, ndipo mu 1923 anatulutsa buku lake loyamba, la ndakatulo, lotchedwa *Fervor de Buenos Aires*. Anasindikiza mabuku 300 okha. Podziwa kuti palibe angagule, anapempha mkonzi wa magazini ina kuti aziwaponya mwakachetechete m'matumba a majekete amene alendo ankapachika pakhomo la ofesi. Alembi a masiku ano odandaula za msika, mwamva?

Akuyandikira zaka makumi anayi, akukhalabe ndi makolo, anapeza kantchito kolemba mndandanda wa mabuku pa laibulale yaing'ono ya mzinda yotchedwa Miguel Cané. Iye mwini ankasimba kuti panali antchito pafupifupi 50 pa ntchito ya anthu 15. Tsiku loyamba analemba mabuku 400, mawa lake anzake anamukokera pambali n'kumuuza kuti achepetse liwiro, azilekeza cha pa 100, kuopa kuwachotsetsa ntchito. Ndiye ankati akamaliza gawo lake mu ola limodzi, n'kukabisala kwina kukawerenga ndi kulemba. Tsiku lina mnzake anapeza dzina la Jorge Luis Borges m'buku lofotokoza za anthu odziwika, nadabwa kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi za mnzawo wa pantchitoyu. Sizinamufikire m'mutu kuti ndi yemweyo.

Chaka cha 1938 ndicho chinatembenuza zinthu. Bambo ake anamwalira kumayambiriro kwa chakacho. Ndiye madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, akukwera masitepe mothamanga, anagunda mutu pa zenera lotsegula. Chilonda chinalowa poizoni m'magazi, anagona masiku ambiri pakati pa moyo ndi imfa, ndipo atatsitsimuka ankaopa kuti nzeru zake zaonongeka. Anaganiza chonchi: ndikayesa ndakatulo kapena ndemanga ya buku, zomwe ndazolowera, n'kulephera, ndiye kuti ndathera pomwepo, koma ndikayesa chinthu chachilendo n'kulephera, manyazi achepa. Chachilendocho chinali nkhani yotchedwa "Pierre Menard, autor del Quijote", imene inatuluka mu 1939 m'magazini ya *Sur*. Zinatsatira zina, zomwe anazisonkhanitsa m'mabuku awiri, *Ficciones* mu 1944 ndi *El Aleph* mu 1949. Mabuku awiri opyapyala amenewa ndiwo asenza mbiri yake yonse. Zotsala za moyo wake uzipeza m'mayankho a anzako m'munsimu.

Aphunzitsi, ine ndimalemba nkhani za masamba anayi kapena asanu ndikaweruka kuntchito. Anzanga akuti mlembi weniweni ndi wolemba buku lonenepa. Komanso munati Borges ankalemba nkhani "zoganizitsa mozama". Kodi amenewa si maulaliki ongovekedwa malaya a nthano? (Mayi wogwira ntchito ya unamwino, Zomba)

Mayi, anzanuwo muwauze kuti Borges anakhala ndi moyo zaka 86 osalembapo buku la nkhani imodzi yaitali ngakhale limodzi. Ndipo sikuti ankalephera mwakachetechete, ankachita kunyoza. M'mawu otsogolera buku lake la 1941 analemba kuti ndi misala yotopetsa kutambasula pa masamba 500 ganizo loti munthu angalifotokoze pakamwa m'mphindi zochepa, ndipo kuli bwino kungoyerekeza kuti buku lalikululo lilipo kale, iwe n'kulemba chidule chake. Ndipo ankaterodi: ankapeka buku, kupeka mlembi wake, chaka chake, ngakhale anthu olitsutsa, n'kuzisakaniza ndi mayina enieni mpaka wowerenga osadziwa pomwe choona chathera.

Tsono za ulaliki. Wolalikira amabwera yankho lili kale m'thumba, nkhani imangokhala mbale yoperekera. Borges ankachita zina. Ankatenga ganizo limene akatswiri a nzeru zakuya akhala akukangana, n'kufunsa kuti: bwanji zitakhaladi choncho kwa munthu mmodzi, wa dzina, wokhala m'kachipinda kena? Ndiye n'kulitsatira ganizolo mpaka kuphompho.

Tengani nkhani ya "Funes el memorioso" ya 1942. Ireneo Funes ndi mnyamata wa m'tauni ya Fray Bentos ku Uruguay. Kavalo anamugwetsa, nafa ziwalo, koma atadzuka anapezeka kuti saiwalanso kanthu. Amakumbukira tsamba lililonse la mtengo uliwonse umene anauonapo, ndi nthawi iliyonse imene analiona. Akafuna kukumbukira tsiku lonse ladzulo, zimamutengera tsiku lathunthu. Poyamba wowerenga amachita kaduka. Ine ndinaganiza za ana anga a m'kalasi pokonzekera mayeso. Koma kenako timamva kuti Funes zimamupweteka kuti galu amene wamuona cham'mbali nthawi ili 3:14 azitchedwa ndi dzina lomwelo ndi galu amene wamuona chakumaso nthawi ili 3:15. Kwa iye amenewa ndi agalu awiri. Wofotokoza nkhaniyo amafika pokayika ngati Funes amatha kuganiza n'komwe, chifukwa kuti unene mawu oti "galu" uyenera kuiwala kusiyana kwa agalu zikwi. Mnyamatayo amangogona mumdima, akusuta, tulo osabwera. Masamba ake ndi osakwana khumi. Palibe pamene mlembi akuimirira n'kutiuza kuti phunziro lake ndi lakuti. Inu anamwino, amene mumayenera kuiwalako nkhope zina kuti mawa mubwererenso kuwodi, mukhoza kuimvetsa kuposa ine.

Ina ndi "La biblioteca de Babel" ya 1941, imene anailemba akugwira ntchito pa laibulale ija. Dziko lonse ndi laibulale ya zipinda za makona asanu ndi imodzi zosatha kuwerengeka. Buku lililonse lili ndi masamba 410, tsamba lililonse mizere 40, mzere uliwonse zilembo pafupifupi 80, ndipo zizindikiro zolembera zilipo 25 zokha. Mabukuwo ndi kusanjika kulikonse kotheka kwa zizindikirozo. Ndiye kuti penapake pali buku lofotokoza molondola imfa yanu, pali mndandanda woona wa mabuku onse, palinso mindandanda yabodza zikwizikwi ndi mabuku otsimikiza kuti woona uja ndi wabodza. Anthu atazindikira zimenezi anasangalala kwambiri, poti yankho la funso lililonse lilipo. Kenako anataya mtima, poti pafupifupi mabuku onse ndi zilembo zopanda tanthauzo ndipo palibe angalipeze lake. Ena amafera m'masitepe akufunafuna. Amene munafufuzapo dzina la matenda pa intaneti pakati pa usiku mukudziwa fungo la laibulale imeneyi.

Nanga Pierre Menard uja? Ndi Mfalansa wopekedwa amene akufuna kulemba *Don Quixote*, buku la 1605 la mlembi wa ku Spain Cervantes, liwu ndi liwu, koma osakopera. Amakwanitsa mitu iwiri ndi kachidutswa. Wofotokoza amaika ndime ya Cervantes pambali pa ndime ya Menard, zofanana ndendende, n'kunena mosaseka kuti ya Menard ndiyo yakuya. Munthu umaseka kaye, kenako umakumbukira kuti mwambi womwewo ukatuluka pakamwa pa agogo pamaliro ndi pakamwa pa wandale pamsonkhano sukhala mwambi umodzi.

Chenjezo langa ndi ili: si nkhani zake zonse zimene zimandigwira mtima. Zina n'zozizira ngati masamu, akazi ndi osowa m'menemo, ndipo anthu ena ndi mithunzi chabe yonyamula ganizo. Wofuna fungo la kukhitchini ndi phokoso la ana akafune kwina. Koma masamba anu asanuwo musachite nawo manyazi.

Bambo, mwanena kuti munthuyu anasintha kalembedwe ka anthu ambiri. Tchulani mayina, tisamangomva za m'maluwa. (Wowerenga wa ku Chipata)

Achimwene, mwafunsa bwino. Kwa zaka zambiri ankadziwika ndi kagulu kochepa ka kwawo ndi ku France, komwe anayamba kumumasulira msanga. Chitseko chinatseguka mu 1961 pomwe ofalitsa mabuku a m'mayiko angapo anamupatsa mphoto ya Formentor, mogawana ndi mlembi wa ku Ireland Samuel Beckett. Chaka chotsatira mabuku ake awiri anatuluka m'Chingerezi, limodzi mwa iwo ndi lija ndinalitola ku Limbe. Apa n'kuti ali ndi zaka zopitirira 60.

Kwawo komweko, mu 1946, mnyamata wina wamtali anabweretsa nkhani ku magazini imene Borges ankakonza. Borges anaisindikiza, mlongo wake Norah n'kujambula zithunzi zake. Nkhaniyo inali "Casa tomada", mnyamatayo anali Julio Cortázar, amene anadzakhala mmodzi mwa alembi akuluakulu a ku Latin America. Mario Vargas Llosa wa ku Peru, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2010, anafika potulutsa buku lathunthu la zimene analemba zokhudza Borges pa zaka makumi asanu. M'badwo umenewo unaphunzira kwa iye kuti Chisipanishi, chimene alembi ambiri ankachikometsera ndi mawu ochuluka, chikhoza kuyenda chopanda katundu, ndiponso kuti nkhani ya zinthu zosatheka ikhoza kukambidwa ndi nkhope ya kalaliki wa kukhoti.

Ku Italy, Umberto Eco analemba mu 1980 buku lodziwika m'Chingerezi kuti *The Name of the Rose*. Muli laibulale ya njira zosokoneza, ndipo woilondera mwansanje ndi mkulu wachipembedzo wokalamba, wakhungu, wolankhula Chisipanishi, dzina lake Jorge wa ku Burgos. Sipafunika wapolisi kuti adziwe mwini chithunzicho. Ku France, katswiri wa nzeru zakuya Michel Foucault anayamba buku lake la 1966 ndi kuvomera kuti linabadwa m'kuseka. Chinamuseketsa ndi ndime ya Borges yonena za buku lina lakale la ku China limene amati limagawa nyama m'magulu monga awa: za mfumu, zoumikidwa, tiana ta nkhumba, agalu osokera, zimene zangoswa mtsuko, ndi zimene ukaziona patali zimaoneka ngati ntchentche. Foucault atamaliza kuseka anadzifunsa chifukwa chake magulu athu ifeyo timawaona ngati achilengedwe. Ndipo mu 2015 munthu wina ku America anamanga laibulale ya Babel ija pa intaneti, moti mutha kulembamo chiganizo chilichonse, ikusonyezani tsamba pomwe chili.

Palinso chisonkhezero choipa, chimene sindingachibise. Achinyamata ambiri akamuwerenga amatola magalasi oonera nkhope, akambuku ndi njira zosokoneza, n'kuzimwaza m'nkhani zawo ngati mchere. Zimenezo ndi zovala zake chabe. Ine ndinalembapo nkhani zitatu zotero m'zaka zimenezo. Mayi a kunyumba anayatsira mbaula, ndipo sindinadandaule.

Ngati anali katswiri chotero, analekeranji kulandira mphoto ya Nobel? (Mphunzitsi wa pulayimale, Ntcheu)

Aphunzitsi anzanga, akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Borges anasiya mlomo.

Tiyambire pabwino. Pa nthawi ya Hitler, pomwe ambiri ku Argentina ankakometsera Germany, iye analemba poyera motsutsa chipani cha Nazi ndi chidani chodana ndi Ayuda. Juan Perón atatenga boma mu 1946, Borges, amene anali atasaina makalata omutsutsa, anachotsedwa ku laibulale n'kupatsidwa "ukulu" woyendera nkhuku ndi akalulu m'misika, monga ankasimbira iye mwini. Anatula pansi ntchito. Mu 1948 mlongo wake anatsekeredwa m'ndende ndipo mayi ake anatsekeredwa m'nyumba chifukwa chochita nawo zionetsero. Chidani chake pa Perón chinakula mpaka kumutseka maso a mumtima, moti aliyense wogwetsa a chipani cha Perón ankamuona ngati mpulumutsi.

Ndiye mu 1976 asilikali atalanda boma m'manja mwa chipani cha Perón, Borges anakadya nkhomaliro ndi mtsogoleri wawo Jorge Videla n'kumuyamikira. Boma limenelo ndi lija linasowetsa anthu zikwizikwi. Chaka chomwecho anapita ku Chile kukalandira ulemu, nakumana ndi Augusto Pinochet, msilikali wolamulira dzikolo mwankhanza, n'kumunenera zabwino. Anthu ambiri odziwa nkhaniyi amakhulupirira kuti ulendo umenewo ndiwo unakwirira Nobel wake. Ndiwonjezere china chimene ife tiyenera kuchidziwa: pocheza ndi atolankhani ananenapo mawu onyoza anthu akuda. Ine munthu wakuda ndimawerenga nkhani zake ndikudziwa zimenezo, ndipo sindimupangira chodzikanira.

Pambuyo pake anatembenuka, mochedwa. Mu 1980 anasaina kalata yofunsa boma za anthu osowetsedwa, achibale a anthuwo atabwera kunyumba kwake kudzamusimbira. Nkhondo ya 1982 yolimbirana zilumba za Falkland pakati pa dziko lake ndi Britain anaifanizira ndi amuna awiri adazi olimbirana chipeso. Mu 1985 anakakhala nawo tsiku limodzi pamlandu wa akuluakulu a asilikali aja, namva umboni wa munthu amene anazunzidwa, ndipo anatuluka atasweka mtima n'kulemba zimene anamva. Mphoto ya Cervantes, yaikulu kuposa zonse kwa olemba m'Chisipanishi, anapatsidwa ya chaka cha 1979. Ya Nobel ankangoiseka kuti kum'mana kwasanduka mwambo wa anthu a kumpoto kwa Ulaya.

Agogo, ndinalemba nkhani yochitikira m'chombo cha mumlengalenga. Kugulu lathu la alembi anandiuza kuti si yathu, ndilembe za kumudzi, za gule ndi za mitondo. Kodi akulondola? (Mtsikana wa ku Ndirande)

Mdzukulu wanga, mlandu wakowu Borges anaimbidwapo. Anzake ankamunena kuti si mlembi weniweni wa ku Argentina chifukwa ankalemba za Babulo, za China ndi za mabuku a Ayuda m'malo molemba za abusa a ng'ombe a kuchigwa. Anawayankha mu 1951 pa nkhani imene anakamba yokhudza mlembi wa ku Argentina ndi mwambo wa makolo. Anati mu Korani mulibe ngamira, chifukwa kwa Mwarabu ngamira si chinthu chodzionetsera nacho. Wodzaza ngamira patsamba lililonse ndi mlendo kapena wonamizira. Apa mkuluyu anaphonya, ndipo abale athu Achisilamu a ku Mangochi angamuwongole msanga: ngamira zimatchulidwamo ndithu. Koma mfundo yake inaima. Anapereka chitsanzo cha iye mwini: kwa zaka zambiri ankayesa kugwira fungo la makwalala a Buenos Aires pothira mawu a m'makwalalamo, osatheka; atalemba nkhani ya wapolisi wofufuza milandu, yokhala ndi mayina a misewu achilendo, anzake anamuuza kuti tsopano ndiye wawugwira mzinda wawo. Anatinso anthu a m'mphepete, monga Ayuda ndi anthu a ku Ireland, amagwira chuma cha Ulaya mopanda mantha chifukwa sachigwadira.

Ndiye lemba chombo chakocho. Koma ndikufunse: anthu ali m'chombomo amapatsana moni bwanji? Wamkulu akalakwa, wamng'ono amamuuza motani? Wina akamwalira kutali ndi dothi la kwawo, otsalawo amatani ndi mtembo? Ukayankha mafunso amenewa moona, Ndirande alowa yekha m'chombomo popanda kunyamula mtondo. Ndipo a kugulu lanuwo usawataye. Borges yemweyo analemba nkhani zambiri za amuna a mipeni a m'makwalala a kwawo, ndipo imene ankati mwina ndi yabwino kuposa zonse, "El Sur", imathera pa kagolosale ka kumudzi, munthu wa mabuku atatola mpeni umene sadziwa kuugwira.

Aphunzitsi, bambo anga anali mphunzitsi ngati inu. Maso awo akufa, ndipo chiyambire kulephera kuwerenga sakufunanso kutuluka m'nyumba. Ndinamva kuti Borges anali wakhungu. Ankalemba bwanji? (Mayi wa ku Mchinji)

Mayi, choyamba, ngati simunapite nawo kwa dokotala wa maso, pitani nawo. Khungu lina, monga la ng'ala, limachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo lobwera ndi shuga limachedwetsedwa akalipeza msanga. La Borges linali la kumtundu, ndipo ngakhale anachitidwa maopaleshoni angapo, linkangobwera pang'onopang'ono ngati kulowa kwa dzuwa.

Perón atagwa mu 1955, boma latsopano linamuika kukhala mkulu wa laibulale yaikulu ya dziko lonse. Nthawi yomweyo n'kuti maso atafika poti sangawerengenso. Analemba ndakatulo yonena kuti Mulungu, mwa nthabwala yake yodabwitsa, anamupatsa mabuku ndi usiku pa nthawi imodzi. Mabukuwo analipo pafupifupi 800,000. Chodabwitsa china, akuluakulu awiri amene anakhalapo pampando womwewo kale, José Mármol ndi Paul Groussac, nawonso anali akhungu. Anakhala paudindowo mpaka 1973, akuphunzitsanso mabuku a Chingerezi pa yunivesite ya Buenos Aires.

Mu 1977 anakamba pagulu za khungu lake, ndipo ananena chinthu chimene mwina chingakuthandizeni kumvetsa bambo anu. Anati anthu amaganiza kuti wakhungu amakhala mumdima wakuda bii, koma iye ankakhala mu nkhungu yobiriwira, yowala pang'ono, usana ndi usiku, moti ankalakalaka mdima weniweni woti agonemo. Mtundu wofiira ndi wakuda unamuthawa. Wachikasu ndiwo unakhala naye mokhulupirika. Afunseni bambo anu chimene akuona. Mwina palibe anawafunsapo.

Kalembedwe anasintha. Anabwerera ku ndakatulo za mizere yoyezedwa ndi mawu omveka mofanana kumapeto, chifukwa zoterozo munthu amazinyamula m'mutu akuyenda mumsewu, n'kumazikonza, kenako n'kulakatula wina akulemba. Wolemba wamkulu anali mayi ake, a Leonor Acevedo, amene anakhala naye nyumba imodzi mpaka anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 99. Ankamuwerengera, kumulembera, kuyenda naye maulendo. Enanso ankabwera. Mnyamata wina wa zaka 16 wogulitsa m'sitolo ya mabuku, Alberto Manguel, anapemphedwa kuti azibwera madzulo kudzamuwerengera. Anatero kwa zaka zingapo, ndipo patapita zaka makumi asanu iyenso anadzakhala mkulu wa laibulale yomwe ija. Manguel amasimba kuti mkuluyo ankamudula pakati, kumalizitsa yekha chiganizo kuchokera pamtima, kapena kuseka nthabwala imene mnyamatayo sanaione.

Ndipo m'malo molira chimene chatayika, anayamba sukulu yatsopano: Chingerezi chakale cha zaka chikwi zapitazo, chimene ngakhale Angerezi eni ake sachimva. Ankaphunzira ndi kagulu ka ophunzira ake. Mmodzi mwa amene anadzaphunzira naye zinenero zakalezi anali María Kodama, amene anadzakhala womutsogolera pa maulendo ndipo anakwatirana naye mu 1986, patatsala milungu yochepa kuti amwalire. Ali wakhungu chomwecho anatulutsa mabuku ena a nkhani, *El informe de Brodie* mu 1970 ndi *El libro de arena* mu 1975. Anamwalira pa 14 Juni 1986 ku Geneva, mzinda wa unyamata wake, ndipo anaikidwa komweko. Pamwala wa pamanda pake pali mawu a Chingerezi chakale chija, ochokera mu ndakatulo ya nkhondo, olimbikitsa ankhondo kuti asaope.

Sindikunena kuti bambo anu asanduke Borges. Iye anali ndi mayi wamoyo wautali, wantchito wa m'nyumba ndi dzina lokoka alendo. Koma chimene chinamusunga n'chotheka ku Mchinji: munthu wobwera pa nthawi yake, tsiku lodziwika, ndi buku m'manja. Inenso maso anga ayamba kuchita chifunga, ndipo makalata anuwa amandiwerengera ndi mdzukulu wanga Loweruka masana, ine n'kumayankha iye akulemba. Sabata yatha ndinamuuza andiwerengere za Funes. Atafika pa galu uja anaima, n'kuyang'ana galu wathu ali gone pakhonde, n'kundifunsa ngati ndi yemwe uja wa m'mawa. Tinakangana mpaka nsima inazizira.

Musayambe ndi Borges. Yambani ndi buku limene bambowo analiphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, lomwe amalidziwa pamtima. Muziwerenga mokweza, ndipo mukalumpha mzere kapena kutchula dzina molakwa adzakudzudzulani ngati mwana wa Sitandade 5. Asiyeni akudzudzuleni, ndipo Loweruka linalo mubwerenso.